Chaka changa choyamba ku Aberdeen: kuzizira kumene sikunalembedwe m'kontirakiti

Abale anga, chiikireni chithunzi chija nditaima pa sinowo, mauthenga sakutha m'foni mwanga. Wina akufuna nambala ya ejenti, wina akuti ndimupezere pofikira, wina wachita kundiuza kuti wapeza kale wogula puloti yake. Mwa onsewa palibe amene wandifunsa kuti kutenthetsa chipinda chimodzi kwa mwezi wathunthu kumadya ndalama zingati. Funso limenelo ndi limene ndikufuna kuyankha, chifukwa inenso sindinalifunse ndipo ndinalipira.

Ndinafika ku Aberdeen, kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, sabata yoyamba ya Sepitembala 2023, pa visa ya ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Kwathu ndi ku Bembeke. Ife a ku Dedza tikamati kwazizira timadziwa chimene tikunena: madzi a mumtsuko oluma mano mu Juni, chisanu chowaula mbewu kudimba mu Julayi. Ndakhalaponso ku Blantyre zaka 6, chiperoni ndikuchidziwa. Ndisananyamuke ndinaona manambala a nyengo ya ku Aberdeen pa intaneti. Mu Januwale masana kumafika madigiri 6 kapena 7, usiku kumatsikira cha pa 1, mu Julayi masana cha pa 18. Ndinati izi n'zopiririka. Manambalawo ndi oona ndithu. Mzindawu uli kumpoto kuposa Moscow, koma madzi ofunda a m'nyanja ya Atlantic amafewetsa nyengo ya dziko lonseli, n'chifukwa chake simumva za madigiri 30 pansi pa ziro ngati za ku Canada. Chimene manambalawo sanena n'chakuti ku Dedza kuzizira kumathawa dzuwa likakwera, munthu umatuluka n'kuwothera pakhonde. Kuno palibe dzuwa lowothera kuyambira Okutobala mpaka Epulo. Ukafuna kumva kutentha, ugule.

Sabata imene ndinafika, Britain yense anali pa kutentha kosazolowereka. Ku England kunapitirira madigiri 30 masiku 7 otsatizana, ndipo ku Aberdeen anthu anadzaza kugombe atavala makabudula. Pepala la nyumba ndinalisayina sabata imeneyo, thukuta lili kamukamu, ndipo za hita sizinandibwerere m'mutu n'komwe. Nyumbayo anatipezera ndi abwana a kuntchito. Tinalimo anayi, aliyense kachipinda kake, pansi penipeni pa mdadada wakale wa miyala yotuwa ija imene mzinda uno umadziwika nayo. Lendi ankadula okha pa malipiro, mapaundi 550 munthu mmodzi pamwezi, ndipo anatiuza pakamwa kuti mabilu onse ali momwemo. Anatenganso mapaundi ena 550 a dipoziti, kudula pang'onopang'ono miyezi itatu.

Pophunzira ntchito anatiuza kuti chipinda cha munthu wokalamba chisamatsike pansi pa madigiri 18, tikapeza chazizira kuposa apo tizilemba ndi kudziwitsa ofesi. Ndinagula kachipangizo koyezera kutentha ka mapaundi 4 kuti ndizidziwa kuti 18 ameneyu amamveka bwanji pathupi. Madzulo ndinkakaika pawindo la kuchipinda kwanga, ndipo ndinayamba kulemba m'kope m'mawa uliwonse, nambala ya panja kuchokera pafoni ndi nambala ya m'chipinda. Zimene ndikulembazi zikuchokera m'kope limenelo. Kumapeto kwa Sepitembala panja 11, m'chipinda 16. Zinali bwino.

Pa 19 Okutobala kunafika mkuntho umene anautcha Babet. A Met Office, oona zanyengo kuno, anatulutsa chenjezo lofiira, lomwe ndi lalikulu pa onse, ndipo ku Brechin, kum'mwera kwa kuno, mtsinje wa South Esk unasefukira n'kusamutsa mabanja mazanamazana. Ife ntchito sinaime, poti nkhalamba ziyenera kudzutsidwa ndi kumwa mankhwala kaya kunja kuli chiyani. Tsiku limenelo panja panali madigiri 10, nambala imene ku Dedza sitiiopa. Koma mvula inkabwera chopingasa kuchokera ku North Sea, ambulera inathyoka ndisanafike nyumba yachiwiri, ndipo jekete yanga ya pakaunjika ku Limbe inamwa madzi ngati chiguduli. Ndinayenda nayo yonyowa maola 11. Apo m'pamene ndinadziwa kuti munthu wonyowa pamphepo ya madigiri 10 amazizidwa kuposa wouma pa ziro. Sabata yotsatira ndinagula chikhoti chosalowa madzi m'sitolo ya zovala zakale za mabungwe achifundo, mapaundi 35, nsapato zosalowa madzi mapaundi 40, zovala zothina zam'kati mapaundi 24. Musadzaze chikwama ndi majuzi okhuthala a kumudzi. Chofunika ndi zovala zopyapyala zingapo zosanjikiza, pamwamba pake chotchinga mphepo ndi madzi.

Pa 29 Okutobala mawotchi anabwezedwa ola limodzi, ndipo dzuwa linayamba kulowa cha m'ma 4:30. Mu Novembala chisanu choyamba chinayera pamagalimoto, m'chipinda mwanga munatsikira pa 11, ndipo tonse anayi tinayatsa mahita. M'nyumbamo munalibe gasi. Chipinda chilichonse chinali ndi kahita ka magetsi kapakhoma, ndipo apa ndipo pali msampha umene aliyense wobwera kuno ayenera kuudziwa. Pa mitengo imene bungwe la Ofgem, loyang'anira za magetsi ndi gasi, linaika nyengo imeneyo, yuniti ya magetsi inali pakati pa 27p ndi 29p (100p ndi paundi imodzi) pomwe ya gasi inali cha pa 7p. Kutentha komweko, mtengo kanayi. Pa mtengo umenewo, hita ya makilowati awiri inkadya pafupifupi 58p pa ola. Iyatseni maola 5 okha patsiku, pakutha pa mwezi mwawotcha mapaundi 87, chipinda chimodzi, musanaphike, musanasambe, musanachape.

Peyisilipi ya kumapeto kwa Novembala inabwera ndi mzere watsopano: mapaundi 64 odulidwa, magetsi owonjezera. Nditafunsa ku ofesi anandionetsa pepala lomwe lija ndinasayina, tsamba lachitatu, timalemba tating'ono. Mabilu analidi momwemo, koma mpaka mapaundi 30 okha pa munthu pamwezi. Zopitirira apo tigawane. Mapaundi 30 amenewo mu Sepitembala ankakwanira, ndipo amene analemba pepalalo ankadziwa bwino lomwe kuti mu Januwale sangafike ngakhale pakati pa mwezi. Mu Disembala anadula 118. Mu Januwale 146. Mu Febuluwale 131. Mu Malichi 97. Zonse pamodzi mapaundi 556, lendi ya mwezi wina wathunthu imene palibe anaitchula tikulankhulana pa foni ndili ku Malawi. Kanayi konse ndinapempha kuona bilu yeniyeni ya kukampani ya magetsi. Mpaka ndinatuluka m'nyumbamo osaiona.

Mwezi womwewo wa Novembala ndi umene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Kumudzi aliyense anatenga foni n'kuchulukitsa malipiro anga ndi mtengo watsopano, ndipo pempho lililonse linakula. Sindikuwadandaula, zinthu zinakweradi ndipo anthu anavutika. Koma mapaundi 146 aja a mu Januwale, pa mtengo wa kubanki wa nthawiyo, anali oposa K300,000. Ndalama imeneyo inathera m'kahita kapakhoma, chipinda n'kumazizirabe.

Disembala sindimukumbukira ndi kuzizira kwenikweni, ndimamukumbukira ndi mdima. Chakumapeto kwa mweziwo dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa isanakwane 3:30, maola osakwana 7, ndipo ngakhale litatuluka limangokwawa m'munsi mwa madenga. Ndinkachoka kunyumba kuli mdima, kubwerera kuli mdima. Ndinkagona maola okwanira koma thupi lolemera ngati ndadwala malungo, ndipo tsiku lina ndinalira m'basi popanda chondiliza. Wa ku famase anandiuza kuti a NHS, a zaumoyo a boma kuno, amalangiza aliyense kumwa vitamini D, mamaikirogalamu 10 patsiku, m'miyezi ya mdima, ndipo ife akhungu lakuda ndi bwino chaka chonse poti dzuwa la kuno silitikwanira. Botolo lake ndi lotchipa. Yambani mu Okutobala, musadikire kufooka ngati ine. Khungu nalo limatuwa ndi kung'aluka, mafuta odzola amatha kawiri liwiro la kumudzi.

Tsopano za maola, chifukwa nazonso ndi nkhani ya kuzizira. Kontirakiti inati maola 39 pa sabata, mapaundi 10.90 pa ola, womwe unali mtengo wotsikitsitsa wa osamalira akuluakulu ku Scotland chaka chimenecho. Chimene sanatiuze n'chakuti ankawerenga mphindi zimene uli m'nyumba ya wodwala basi. Mphindi 30 apa, 45 apo, 15 kwina. Tsiku limayamba 7 koloko m'mawa n'kutha 10 koloko usiku, koma olipidwa ndi maola 6 kapena 7. Otsalawo uli pamsewu, kapena ukudikira. Pakati pa ntchito ya m'mawa ndi ya nkhomaliro pamakhala ola ndi theka, pakati pa ya nkhomaliro ndi ya madzulo maola awiri kapena atatu. Kubwerera kunyumba n'kutali, ndipo ukafikako uyatsa hita. Kulowa m'kafe ndi mapaundi 3 kapu imodzi. Ndiye umaima m'kanyumba kodikirira basi, zala zili m'khwapa, mphepo ikulowera pansi. Pambuyo pake ndinadzamva kwa opereka uphungu waulere kuti nthawi yoyenda kuchoka kwa wodwala wina kupita kwa wina imayenera kuwerengedwa poona ngati munthu akulandira malipiro ovomerezeka, komanso kuti bwana amene anakubweretsa ayenera kukulipira ndalama imene analemba pa chikalata cha visa. Koma munthu amene visa yake ili m'manja mwa bwanayo amayamba waganiza kawiri asanatsegule pakamwa, ndipo iwo amadziwa zimenezo.

Malo awiri anandisunga m'maola amenewo. Ena ndi laibulale yaikulu ya pa Rosemount Viaduct, kumene umakhala pofunda popanda wokufunsa kuti ugula chiyani. Ena ndi nyumba zagalasi za zomera ku Duthie Park, pafupi ndi mtsinje wa Dee, kolowa ulere. M'katimo muli mpweya wofunda wa chinyontho ngati wa ku Nkhata Bay nthawi ya dzinja, muli nthochi ndi zomera zina za kwathu kotentha. Ndinkakhala pabenchi chikhoti nditavula, n'kudya mpunga wanga wa m'kontena, zala n'kuyambanso kumva. Mukadzafika mumzinda uliwonse wa kumpoto kuno, sabata yoyamba yomweyo fufuzani malo ofunda aulere amene ali m'njira yanu ya kuntchito.

Januwale 2024 ndiye anali mutu wa nkhani. Pakati pa mweziwo mphepo inatembenuka n'kuyamba kuchokera ku Arctic, ndipo kunagwa sinowo masiku angapo otsatizana. Masukulu ambiri mumzinda ndi m'maboma ozungulira anatsekedwa. Chithunzi chija munachikonda chija ndinajambulitsa tsiku loyamba, sinowo akadali woyera. M'kope mwanga sabata imeneyo muli manambala awa: panja 4 pansi pa ziro, m'chipinda 8, panja 6 pansi pa ziro, m'chipinda 7, tsiku lotsatira m'chipinda 6. Mawindo anali a galasi limodzi, ndipo m'mawa madzi ankaundana m'kati mwake, mbali yanga. Ndinkagona ndi chipewa, masokosi awiri, mabulangete atatu ndi botolo la madzi otentha kumapazi, mpweya wa m'kamwa ukuoneka ngati utsi. Kenako ndinkadzuka kupita kukalemba lipoti loti chipinda cha agogo ena chili pa 17, ofesi ichitepo kanthu.

Sinowo weniweniyo savuta kwambiri. Choopsa chimabwera akasungunuka masana n'kuundananso usiku. Msewu umaoneka ngati wangonyowa chabe pomwe pali ayisi woterera ngati therere. Magalimoto a khonsolo amamwaza mchere m'misewu ikuluikulu, koma tinjira ta m'makomo timene ife timayendamo 7 koloko m'mawa timakhala tisanafikiridwe. Ndinagwa pa masitepe a nyumba ya wodwala, dzanja linatupa, ndinakhala kunyumba masiku 4. Malamulo a nthawiyo ankati masiku atatu oyamba odwala salipidwa, ndipo ndalama ya odwala inali mapaundi 109.40 pa sabata. Pa masiku 4 amenewo ndinalandira mapaundi osakwana 22. Masiku omwewo, poti ndinali m'nyumba usana wonse, hita inayaka kuposa kale. Thandizo la boma la Scotland la nyengo yozizira lilipo, koma limapita kwa amene amalandira kale chithandizo cha boma, ndipo visa yathu imanena poyera kuti ife ndalama zimenezo sitikhudza.

Zala za kumapazi zinatupa, kufiira ndi kuyabwa koopsa usiku. Ndinkaganiza kuti ndi matenda a pakhungu. Wa ku famase anangoona kamodzi n'kundifunsa ngati ndimaika mapazi ozizira m'madzi otentha kapena pahita ndikangolowa m'nyumba. Ndi zimene ndinkachita tsiku lililonse. Anati mitsempha ing'onoing'ono ya magazi imalephera kupirira kusintha kwadzidzidzi, thupi lizitenthedwa pang'onopang'ono.

Pali chinthu china chimene ndikuchinena mokalipa. Usiku wina mnyamata wa m'nyumba mwathu, atatopa ndi kudulidwa ndalama, anabwera ndi makala owotchera nyama ati tiyatse m'khitchini ngati mbaula. Tinakangana mpaka anakawasiya panja. Kumudzi komwe timamva za mabanja opezeka atafa chifukwa chogona ndi mbaula, ndipo kumeneko nyumba zimalowa mphepo m'denga. Za kuno n'zotsekeka. Mpweya wa makala sununkha, umangokugonetsa. Musayerekeze, ngakhale bilu itafika pati.

Agogo ena aamuna amene ndinkawasambitsa, wakale wa m'masitima a nsomba, anandiuza kuti zimene ndikuonazi n'zochepa. Ku Braemar, kumapiri a kumadzulo kwa mzinda uno, mu Januwale 1982 kunafika madigiri 27.2 pansi pa ziro, ndipo m'Britain monse sikunazizirepo kuposa apo chiyambire kulemba. Iwo ankanena monyadira. Koma nyengo ya kuno siikhazikika. Pasanathe masabata awiri chichokereni sinowo uja, pa 28 Januwale, ku Achfary kumpoto chakumadzulo kwa Scotland kunatentha madigiri 19.9, zimene sizinachitikepo mu Januwale m'dziko lino. Kwa ife kufunda kwadzidzidziko kunabweretsa vuto lina. Makoma a miyala anali akadali ozizira, mpweya wofunda wachinyezi utawakhudza anayamba kutuluka thukuta. Onjezani zovala za anthu anayi zoyanikidwa m'nyumba poti panja siziuma. Pofika pakati pa Febuluwale kuseri kwa bedi langa kunali kwakuda bii ndi nkhungu, nsapato zanga za kutchalitchi zinachita ubweya wobiriwira, zitenje zimene amayi anandipatsa zinkanunkha chinyontho. Ndinatsokomola masabata 5. Titadandaula, yankho linali lakuti tizitsegula mawindo. Kutsegula windo pa madigiri 3, hita ikudya 58p pa ola.

Febuluwale ndi Malichi manambala sasintha kwenikweni, panja pakati pa 2 ndi 8, koma ndi miyezi imene mtima umatopa. Kuwala kumayamba kubwerera, iwe n'kumaganiza kuti zatha, mphepo ya kum'mawa n'kukukumbutsa kuti nyanja ili pa kuzizira kwake kwenikweni nthawi imeneyo.

Mu Malichi ine ndi mnzanga wa ku Zimbabwe, amene agogo ake anachokera ku Ntcheu ndipo Chichewa amachimva, tinaganiza zotuluka. Tinapeza nyumba pa intaneti ya mapaundi 495 pamwezi, tinathamangira kukaiona. Mayi amene anatitsegulira, wa ku ofesi yobwereketsa nyumba, ndi munthu yekhayo m'chaka chonsecho amene anatiuza zoona zomutayitsa ndalama iye mwini. Atamva kuti timagwira ntchito yanji ndipo tikuchokera m'nyumba yotani, anatseka chitseko n'kutiuza kuti nyumba imeneyi tisatenge. Anatulutsa chikalata chimene nyumba iliyonse yobwereketsa imayenera kukhala nacho, chosonyeza mmene imasungira kutentha, kuyambira A mpaka G. Imeneyo inali pa F, ya magetsi okhaokha, pansi, moyang'ana kumpoto. Anatenga cholembera n'kutiwerengera kuseri kwa envelopu kuti m'miyezi yozizira tidzawonjezera mapaundi oposa 250 pamwezi ndipo tidzazizidwabe. Akanangokhala chete tikanasayina tsiku lomwelo.

Patatha masiku 9 anatiimbira. Anatipezera ya zipinda ziwiri, mapaundi 725 tonse awiri, ya gasi, mawindo a magalasi awiri, pa C, nsanjika yapakati kuti oyandikana nawo a pansi ndi a pamwamba azititchingira. Anatiuzanso zimene abwana aja sanafune kuti tidziwe. Ku Scotland n'kosaloledwa kulipiritsa wobwereka nyumba ndalama ya mapepala kapena yoonera nyumba. Dipoziti siipitirira lendi ya miyezi iwiri, ndipo mwininyumba ayenera kukaisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30 ogwira ntchito, iwe n'kulandira umboni. Mwininyumba aliyense amakhala ndi nambala ya kukhonsolo imene ungathe kuifufuza. Tsiku lolowa, jambulani mita. Sanatibisirenso zowawa: msonkho wa khonsolo pamodzi ndi madzi, pafupifupi mapaundi 160 pamwezi kwa miyezi 10, ndi ndalama yoimirira ya tsiku ndi tsiku ya gasi ndi magetsi, cha pa 90p, imene umalipira ngakhale utazimitsa chilichonse n'kupita ku Malawi mwezi wathunthu. Titaphatikiza zonse, aliyense ankalipira zochepa kuposa kachipinda kankhungu kaja.

Potuluka, a kuntchito anatiopseza kuti kuchoka m'nyumba mwawo kungasokoneze mapepala athu. Si zoona, visa imamangidwa pa ntchito osati pa nyumba. Dipoziti yanga ya mapaundi 550 sinasungitsidwe kulikonse. Anandibwezera 310. Mapaundi 240 anati ndi opentera khoma chifukwa cha nkhungu imene ndinayambitsa ine. Nkhungu yomweyo imene ndinawadandaulira katatu, imene inandidwalitsa chifuwa, ndinailipiranso.

Epulo musamukhulupirire. Maluwa achikasu amadzaza m'mapaki, masana amatalika, koma panja ndi 7 mpaka 10, ndipo tsiku limodzi lingakupatseni dzuwa, matalala ndi mvula. Kusiyana kwake kunali kwakuti m'chipinda changa chatsopano m'mawa munkakhala 17, ndipo bilu ya gasi ndi magetsi ya tonse awiri inali mapaundi 118. Meyi anali wabwino. A Met Office anati anali Meyi wofunda kuposa onse chiyambire kulemba, ndipo usiku wa pa 10 kumwamba kunayaka zobiriwira ndi zofiirira, kuwala kwa kumpoto kuja. Tinaima pabwalo mpaka 1 koloko. Chimenecho ndi chinthu chokongola kwambiri chimene ndaona chibadwire, ndipo sindikuchichepetsa.

Za chilimwe chawo ndinene mwachidule poti nachonso n'chachidule. Kumayambiriro kwa Juni tinayatsanso hita. Chilimwe cha 2024 chinali chozizira kuposa zonse kuyambira 2015. Ku Aberdeen kulinso chifunga cha m'nyanja chimene eni ake amachitcha haar, mphwake wa chiperoni: mpweya wofunda ukadutsa pamwamba pa madzi ozizira, chifunga chimalowa mumzinda n'kukhala tsiku lonse. Anzako a kumtunda makilomita 20 akuwothera dzuwa pa 22, iwe uli pa 13 ndi juzi. Nambala yaikulu m'kope mwanga chaka chonse ndi 23, ndipo masiku opitirira 20 ndingawawerenge osavutika. Madzi a m'nyanja mu Ogasiti amangofika cha pa 13 kapena 14. Dzuwa mu Juni limatuluka itangopitirira 4 koloko n'kulowa itadutsa 10 usiku, tulo n'kusowa mpaka utagula makatani ochindikala. Miyezi imeneyi bilu imatsika, ndipo ndi nthawi yokhayo yosunga ndalama. Amene amatumiza zonse kumudzi mu Julayi, mu Januwale amakongola.

Tsopano kwa inu amene mukugulitsa puloti. Aphunzitsi, anamwino, inu a mabizinesi a pamsika amene mwana wanu amadya katatu: mukuwerenga malipiro a kuno m'makwacha, koma kuzizira simukukuwerengera. Chotsani msonkho, lendi, khonsolo, basi, zovala, kenako chotsani miyezi 7 ya hita. Kuyambira pa 11 Malichi 2024 obwera pa ntchito yosamalira anthu saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana, ndiye mdima wa Disembala uja mukaukhala nokha. Ndipo kuyambira pa 22 Julayi 2025 boma la Britain linatseka kulemba anthu a ntchito imeneyi kuchokera kunja. Aliyense amene lero akukuuzani kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni chikalata cha ntchito ya ukeyala ndi wakuba, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu, kaya ndi mlamu wanu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Puloti ija isungeni.

Amene muli ndi njira ina yoona, ya sukulu kapena ya unamwino, bwerani maso ali otsegula. Musanasayine pepala la nyumba funsani ngati ndi ya gasi kapena magetsi, funsani chilembo cha chikalata chija, ndipo akakuuzani kuti mabilu ali momwemo, funsani kuti mpaka zingati, alembe. Akakwiya ndi mafunso amenewa, mwadziwa kale amene mukuchita naye. Ngati nyumba ikuchokera kwa bwana yemwe wagwira visa yanu, konzekani kutulukamo msanga, ndipo sungani peyisilipi iliyonse ndi uthenga uliwonse.

Ine ntchito ndinasintha, ndili panyumba yosungira okalamba kumene shifiti ndi maola 12 pamalo amodzi ofunda. Kope lija ndikulembabe. Lero m'mawa, sabata yachiwiri ya Okutobala, panja 5, m'chipinda 16. Ine ndi mnzanga tagwirizana kuti tiyamba kuyatsa pa 20, ola limodzi m'mawa ndi awiri madzulo, ndipo amayi ku Bembeke ndawauza kale kuti kuyambira Novembala mpaka Malichi ndalama imene ndimatumiza itsika ndi mapaundi 80 pamwezi.